Zotupa zoyabwa zikamabwerabwera: kodi ndi ziwengo kapena pali china?

Zotupa zimene zimatuluka lero, mawa n'kusowa, mkuja n'kutulukanso, zimazunza kuposa mmene anthu osadwala amaganizira. Usiku munthu sagona, masana amangokhalira kudzikanda, ndiye tsiku lopita kuchipatala khungu limapezeka lili see, dokotala n'kusowa choona. Ambiri amangoti ndi ziwengo, n'kuyamba kusala zakudya chimodzichimodzi. Ena amapaka mafuta alionse amene mnzawo wawapatsa. Miyezi imatha choncho, chonsecho mwina chikuwavuta ndi mphere, nsikidzi za m'matiresi, kapena mapiritsi amene akumwa tsiku ndi tsiku.

Maonekedwe okha amanamiza. Mabuku ambiri a zachipatala amati ziwengo zimakhala zofiira, koma pakhungu lakuda kufiirako nthawi zambiri sikuoneka. Chotupa chimatha kufanana ndi khungu lonse, kuderako pang'ono kapena kutuwirako. Chodalirika ndi nthawi imene chotupa chimodzi chimakhala pamalo pake.

Yambani ndi peni ndi wotchi

Ziwengo zenizeni, zimene madokotala amati urticaria, zimayamba maselo ena a m'khungu otchedwa mast cells akatulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa histamine. Histamine ameneyu amachititsa kuti timitsempha ta magazi titanuke n'kuyamba kuchucha timadzi m'kati mwa khungu. Pamenepo pamatupa, n'kumayabwa koopsa. Pakapita maola ochepa thupi limayamwanso timadzi tija, khungu n'kubwerera mwakale. N'chifukwa chake chotupa chimodzi cha ziwengo sichidutsa maola 24 chili pamalo amodzi, ndipo zambiri zimatha nthawiyo isanakwane n'komwe.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Munthu amati, “Zanga zatha sabata yonse osachoka.” Koma akanayang'anitsitsa akanaona kuti za pantchafu zija zinatha dzulo, zimene akukanda lero ndi za pamsana. Kuti musadzinamize, sankhani zotupa ziwiri kapena zitatu, muzunguze mzere ndi peni m'mphepete mwake, mulembe nthawi, ndipo mujambule ndi foni pamalo owala bwino. Posamba samalani kuti mzerewo usafufutike. Mawa nthawi ngati yomweyo yang'ananinso. Mukapeza mzere uli wokha, m'kati mwake khungu lili losalala, lopanda banga, koma kwina kwatuluka zatsopano, ndiye kuti ndi ziwengo. Mukapeza chotupa chikadali pomwepo, kapena chasiya banga lakuda, ganizirani zina.

Gwiritsaninso ntchito chala. Pamwamba pa ziwengo pamakhala posalala, potukuka ndithu koma pophwathalala. Sipasupuka, sipatuluka matuza, sipachita mafinya kapena nkhanambo, pokhapokha ngati mwakanda mpaka kudzicheka. Kukula kwake kulibe lamulo: zina zimakhala timadontho, zina zimalumikizana n'kupanga chigamba chachikulu chokhotakhota ngati mapu. Mukazidina zimazilala mtundu, mukasiya zimabwereranso.

Zosayenera kudikira mawa

Peni ndi ya munthu amene akupuma bwino ndipo alibe vuto lina kupatula kuyabwa. Ngati pamodzi ndi zotupazo lilime kapena kukhosi kwatupa, mawu asasa mwadzidzidzi, munthu akubanika, akupuma molira m'chifuwa, akuchita chizungulire, akusanza motsatizana kapena wakomoka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ameneyo akufunika jakisoni wa adrenaline. Mapiritsi a ziwengo sangamupulumutse chifukwa amachedwa ndipo satsegula njira ya mpweya. Zoterezi zimakonda kuchitika pasanathe nthawi yaitali munthu atalumidwa ndi njuchi kapena mavu, atabayidwa jakisoni, atamwa mankhwala, kapena atadya chakudya chimene chimamuwenga. Poyembekezera thandizo mugonekeni chagada, miyendo ili m'mwamba. Ngati akubanika kwambiri akhale tsonga, koma asaimirire kapena kuyendayenda.

Kutupa kwa milomo, zikope, manja kapena kumaliseche kumene kumabwera limodzi ndi ziwengo ndi kutupa kwa m'kati kwambiri mwa khungu. Kumawawa kapena kuthina kusiyana n'kuyabwa, ndipo kumatha kukhala mpaka maola 72. Pakokha sikoopsa, malinga sikunafike palilime ndi kukhosi. Koma ngati milomo kapena lilime zimatupa popanda ziwengo pathupi, funso loyamba likhale la mankhwala a BP. Enalapril, captopril ndi ena a gulu lomwelo amatha kuchititsa zimenezi ngakhale munthu atawamwa kwa zaka popanda vuto. Kaonaneni ndi dokotala tsiku lomwelo kuti akusinthireni.

Pali zinanso ziwiri. Timadontho tofiirira kapena takuda timene sitizilala mukatidina ndi tambula yagalasi, makamaka munthu akutentha thupi, khosi lauma kapena wangoti lefu, tingakhale magazi otuluka pansi pa khungu chifukwa cha matenda oopsa a m'magazi kapena oumitsa khosi. Pakhungu lakuda yang'anani m'zikhatho, kumapazi, m'kati mwa zikope ndi m'kamwa. Chachiwiri ndi khungu lowawa ngati lapsa, zilonda m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche, ndi kutentha thupi, patangopita masiku kapena milungu ingapo munthu atayamba mankhwala atsopano monga cotrimoxazole, nevirapine, carbamazepine, phenytoin kapena allopurinol. Amenewa ndi matenda a Stevens-Johnson, ndipo khungu limatha kusupuka lonse. Musamwenso mankhwalawo, anyamuleni, pitani nawo kuchipatala.

Chotupa chikadali m'kati mwa mzere

Choyamba kuganizira ndi kulumidwa ndi tizilombo, chifukwa ndiko kumafanana kwambiri ndi ziwengo pa tsiku loyamba. Kusiyana kwake n'kwakuti chotupa cha kulumidwa chimakhala cholimbirako, pakati pake pamakhala kadontho, ndipo chimatha masiku angapo. Malo ake nawonso amaulula. Udzudzu umaluma posafundidwa: kumaso, m'mikono, m'miyendo. Utitiri umakonda mu akakolo ndi m'misongolo, makamaka m'nyumba mmene muli agalu kapena amphaka. Nsikidzi zimaluma mondondozana, zitatu kapena zinayi pamzere, ndipo munthu amazindikira m'mawa podzuka. Unikani ndi tochi m'mphepete mosokedwa mwa matiresi ndi m'ming'alu ya bedi. Timadontho takuda pamenepo ndi ndowe zake. Musanyengeke ndi zoti mnzanu wogona naye sakuyabwidwa, chifukwa anthu ena amalumidwa khungu osatupa. Ana aang'ono ena thupi lawo limakwiya kwambiri ndi kulumidwa, moti akalumidwa kwatsopano, zakale nazo zimadzukanso. Mwana wotere mungamusalitse mazira ndi mkaka chaka chonse osasintha kanthu. Chofunika ndi kuthana ndi tizilomboto.

Mphere ndiyo imataitsa anthu nthawi yambiri, mwina chifukwa cha manyazi. Anthu amaiona ngati matenda a uve, ndiye munthu waukhondo safuna n'kuiganizira komwe. Koma kanthata kamene kamayambitsa mphere sikasankha. Kamafala pokhudzana khungu kwa nthawi yaitali, monga pogona limodzi kapena ponyamula mwana. Kamaboola khungu n'kuikira mazira m'kati, ndipo kwa munthu amene sanadwalepo, kuyabwa kumayamba patapita milungu 4 mpaka 6, nthawi imene waiwala kale kumene anaitenga. Zizindikiro zake ndi izi: kuyabwa kumakula usiku, timatuza ndi timizere ting'onoting'ono timapezeka m'mipata ya zala, m'mfundo za manja, m'khwapa, m'chiuno, pamchombo, m'matako, kumawere ndi kumaliseche, ndipo pakhomopo pamakhala winanso amene akudzikanda. Funso limeneli la “ndani winanso akuyabwidwa?” ndi lamphamvu kwambiri, chifukwa ziwengo sizipatsirana. Kwa makanda mphere imafika m'zikhatho, kumapazi ndi kumutu komwe.

Mphere ikamabwerabwera, kawirikawiri vuto silikhala mankhwala koma kapakidwe. Permethrin wa 5% kapena benzyl benzoate amapakidwa thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuzala za kumapazi, osati poyabwa pokha, osaiwala pansi pa zikhadabo. Permethrin amakhala pathupi usiku wonse, ndipo amapakidwanso pakapita masiku 7. Onse a m'nyumbamo apake tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kanthu. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, zosachapika zimangidwe m'pulasitiki kwa masiku osachepera atatu. Za makanda ndi amayi oyembekezera funsani kaye kuchipatala, poti benzyl benzoate amawotcha ndipo kwa ana amafunika kusungunulidwa. Dziwaninso kuti kuyabwa kumatha kupitirira milungu iwiri mpaka inayi nthata zitafa kale. Amene sadziwa zimenezi amapaka mobwerezabwereza mpaka khungu kupsa, kenako n'kumati mankhwalawo sagwira.

Chipere chimasokoneza chifukwa ziwengo nazo zimatha kuzilala pakati n'kutsala mkombero. Koma mkombero wa ziwengo umasintha pa maola, pamene wa chipere umakula pang'onopang'ono kwa milungu, ndipo m'mphepete mwake mumakhala mokhakhala, mosupukasupuka mukakanda. Cha pathupi chimamva mafuta monga clotrimazole, opakidwa mosadumphitsa kwa milungu iwiri mpaka inayi; cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa. Chimene ndikufuna kutsindika ndi mafuta okhala ndi steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa), monga betamethasone, amene anthu amagula okha kuti athetse kuyabwa kulikonse. Pachipere amaziziritsa kuyabwa masiku oyambirira, bowa wake n'kumafalikira mwakachetechete, mkombero uja n'kusokonekera moti ngakhale dokotala amavutika kuuzindikira. Pamphere amachitanso chimodzimodzi. Ndipo paziwengo zenizeni sathandiza kwenikweni, poti chotupa chimakhala chikutha chokha mafutawo asanalowerere.

Ngati chigamba choyabwa chatenga maonekedwe a chinthu chimene mumavala kapena kupaka, khungu lakana chinthucho. Pansi pa mchombo pamene pamakhudza chitsulo cha lamba kapena batani la jinzi, m'makutu movala ndolo, padzanja pa wotchi, pamwamba pa phazi modutsa zingwe za mphira, m'mphepete mwa tsitsi ndi m'makutu mutapaka dayi. Zimenezi sizituluka nthawi yomweyo, zimadikira tsiku limodzi mpaka atatu, n'chifukwa chake munthu salumikiza ziwirizi. Zimatha kuchita timatuza, kuchucha madzi, kenako kuuma n'kusupuka, ndipo zimatenga milungu kuti zipole. Khungu louma, lokhakhala, lokhuthala chifukwa chokanda, lopezeka mopindikira zigongono ndi kuseri kwa maondo, nthawi zambiri kuyambira paubwana ndiponso m'mabanja mmene muli mphumu, ndi eczema. Iyi ndiyo imafuna mafuta ofewetsa khungu tsiku lililonse ndi steroid wopaka amene dokotala wasankha.

Zina ndingozidutsa mwachangu. Timatuza ta thukuta timakhala tating'ono, tobayabaya, m'khosi, pachifuwa ndi pamsana nyengo yotentha, ndipo timatha masiku angapo khungu likazizira. Katsabola amatulutsa matuza amadzi amene amauma n'kuchita nkhanambo. Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi, chifuwa, chimfine ndi maso ofiira, kenako zidzolo zimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kumatsika. Mashingozi amagwira mbali imodzi ya thupi, amawawa zotupa zisanaoneke, ndipo mankhwala ake amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola 72 oyambirira. Banga lozungulira lakuda limene limadzuka pamalo omwewo, kaya pamlomo kaya kumaliseche, nthawi iliyonse mukamwa mankhwala enaake, ndi chizindikiro choti mankhwalawo sakuyanjani.

Pali mtundu wina wosowa umene umaoneka ndendende ngati ziwengo koma umakhala kupitirira tsiku, umatentha kapena kuwawa kusiyana n'kuyabwa, ndipo ukatha umasiya banga ngati munthu wamenyedwa. Apo ndi timitsempha ta magazi timene tatupa, ndipo pafunika kuyeza magazi ndi mkodzo, makamaka ngati mfundo zikuphwanya. Mayi woyembekezera amene akuyabwidwa m'zikhatho ndi kumapazi popanda chotupa chilichonse, makamaka miyezi yomalizira, akayezetse chiwindi mwamsanga, chifukwa zimakhudza mwana ali m'mimba.

Ndi ziwengo ndithu, koma sizikutha

Munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse amatuluka ziwengo nthawi ina pa moyo wake, ndipo kwa ambiri zimatha pa masiku kapena milungu yochepa. Kwa ana, choyambitsa chachikulu si chakudya koma mavairasi wamba a chimfine kapena otsegula m'mimba. Apa pamachitika chisokonezo china: mwana watentha thupi, wapatsidwa amoxicillin (wa m'gulu la penicillin), kenako watuluka zotupa, ndiye makolo amamulemba moyo wake wonse kuti penicillin amamuwenga. Nthawi zina n'zoona, koma nthawi zambiri ndi vairasi uja. Musagamule nokha mbali iliyonse. Siyani kaye kumumwetsa, muuzeni dokotala tsiku limene mankhwala anayambika ndi tsiku limene zotupa zinatuluka, mumuonetse zithunzi.

Chakudya chikakhala choyambitsa, sichibisala. Ziwengo zimatuluka pa mphindi zochepa mpaka maola awiri chidyereni, zimachitika nthawi iliyonse munthu akadya chinthucho, ndipo zimatha tsiku lomwelo kapena mawa lake. Zodziwika kwambiri ndi mtedza, mazira, mkaka, nsomba, nkhanu ndi zina za m'madzi zokhala ndi zigoba. Chimodzi chochedwa ndi nyama ya ng'ombe, nkhumba kapena mbuzi kwa anthu ena amene analumidwapo ndi nkhupakupa. Iwowa zimawatuluka patapita maola atatu mpaka sikisi, kawirikawiri pakati pa usiku. Kupatula zimenezi, ngati mukutuluka ziwengo pafupifupi tsiku lililonse, kaya mwadya chiyani, chakudya chilekeni. Zimamvetsa chisoni kuona mwana akuonda chifukwa chomanidwa zakudya zomanga thupi pa mlandu umene zakudyazo sizinapalamule.

Ziwengo zikapitirira milungu 6 madokotala amaziika m'gulu la zokhalitsa, ndipo mwa anthu ambiri otere sipapezeka chinthu chakunja chimene chikuwawenga. Maselo otulutsa histamine aja amangodzuka okha, nthawi zambiri chifukwa chitetezo cha m'thupi chawatembenukira. N'chifukwa chake dokotala amatha kuyeza magazi pang'ono, mwinanso chithokomiro, osati kuyeza zakudya zambirimbiri. Komabe pali zimene zimakolezera moto: aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, mowa, kutentha, zovala zothina, nkhawa ndi kusagona. Ngati mumamwa mankhwala opha ululu pafupipafupi, yesani kusinthira ku paracetamol muone. Amene anapatsidwa aspirin chifukwa cha mtima asasiye asanafunse.

Kenako yang'anani ngati pali chimene chimazidzutsa nthawi zonse. Kandani pang'ono pamkono ndi kumbuyo kwa supuni. Pakatukuka mzere woyabwa pa mphindi zochepa n'kutha ola lisanakwane, khungu lanu limatupa ndi kukanda komweko, ndiye mukamakanda mukudzitulutsira zatsopano. Timadontho tating'ono kwambiri, ta mamilimita 1 mpaka 3, totuluka mukathamanga, mukasamba madzi otentha kapena mukapsa mtima, n'kutha pasanapite nthawi, ndi ziwengo za kutentha kwa thupi. Kuthako msanga ndiko kumazisiyanitsa ndi timatuza ta thukuta. Ena zimawatuluka akakhudza madzi ozizira kapena mphepo yozizira, makamaka khungu likamafundanso. Otere asadumphire m'madzi ozizira ali okha, chifukwa thupi lonse likatupa nthawi imodzi amatha kukomoka n'kumira. Palinso zotuluka pamene panapanikizika, monga paphewa ponyamulira chikwama, m'chiuno momanga lamba, kapena kumapazi mutaima nthawi yaitali. Izi zimachedwa maola anayi mpaka sikisi, zimawawa, ndipo ndi zimene zimaphwanya lamulo la peni lija, poti zimatha kupitirira tsiku.

Mapiritsi akaoneka ngati sakugwira

Mankhwala oyamba ndi oletsa histamine osagonetsa kwambiri, monga cetirizine kapena loratadine, 10 mg kamodzi patsiku kwa munthu wamkulu. Mlingo wa ana umatsatira msinkhu, ndipo oyembekezera, oyamwitsa ndi odwala impso afunse kaye. Chlorpheniramine amagwira, koma amagonetsa, amatha mphamvu msanga, ndipo si wabwino kwa oyendetsa galimoto, ana asukulu ndi okalamba.

Cholakwika chofala ndi kumwa piritsi zotupa zitatuluka kale, zikazilala n'kusiya. Mankhwalawa amagwira bwino potsekereza histamine asanafike, choncho pa ziwengo zobwerabwera amamwedwa tsiku lililonse, nthawi yofanana, ngakhale tsiku limene khungu lili bwino. Mukamwa motero kwa milungu iwiri kapena inayi osaona kusintha kokwanira, bwererani kwa dokotala. Iye angakweze mlingo mpaka kanayi, ndipo zikakanikabe pali mankhwala ena monga jakisoni wa omalizumab amene akatswiri a khungu amapereka. Musakweze nokha, ndipo musaphatikize mitundu ingapo nthawi imodzi.

Ngati mapiritsiwa sakusintha chilichonse, ngakhale pang'ono, bwererani ku peni. Mphere, chipere ndi eczema sizimva mankhwala oletsa histamine, ndipo kusamvako kungakhale kukukuuzani kuti mwina dzina la matenda linalakwika poyamba.

Mapiritsi a prednisolone komanso jakisoni wa steroid zimathetsa ziwengo mofulumira, ndipo n'chifukwa chake anthu amazolowera kukazigula okha. Dokotala atha kupereka kwa masiku ochepa zinthu zikafika poipa. Koma kumwa kwa miyezi kumabweretsa shuga, BP, kufooka kwa mafupa ndi kutupa nkhope, pamene ziwengo zimabwereranso mukangosiya. Ngati mwamwa kale kwa milungu ingapo, musasiye mwadzidzidzi. Pitani akakuchepetsereni pang'onopang'ono.

Popita kuchipatala nyamulani zithunzi zija, za tsiku loyamba ndi za mawa lake, ndi mankhwala onse amene mwamwa kapena kupaka mwezi wathawu, kuphatikizapo azitsamba ndi ogula nokha, ali m'mapaketi ake. Nenani tsiku limene zinayamba, ngati milomo kapena zikope zinatupapo, ndiponso ngati pakhomo pali wina akudzikanda. Ziwengo zokhalitsa zimatha zokha mwa anthu ambiri, ena pa miyezi, ena pa zaka zingapo. Mukakhala miyezi ingapo osatuluka kanthu, kambiranani ndi dokotala zoyamba kuchepetsa mapiritsi, ndipo zikayambiranso mubwerere pa mlingo umene unkakugwirani.